Chisowa cha amayi m'munda wa kampani

Bambo anga sadagwirepo ntchito ku kampani ya mbewu ija, ngakhale ganyu ya tsiku limodzi, koma mukadawamva akulankhula mukadaganiza kuti adaiyambitsa ndi iwo. Sankati "kampani ija." Ankati "ife." Ife chaka chino tatulutsa mbewu yocha msanga. Ife kunja kuja tili ndi makina oyeza njere imodziimodzi. Kunja kwakeko sadapondeko, ndipo ndikukayika ngati angaloze pamapu dziko limene eni kampaniyo amakhala. Ulendo wautali umene bambo adayendapo ndi wa ku Blantyre, kumaliro, ndipo adabwerako akudandaula msana.

Sitolo yawo ili pa Mitundu, chakumunsi kwa msika, chipinda chimodzi ndi khonde. Amagulitsa mbewu, feteleza woyeza pasikelo, makasu, mankhwala a tomato ndi othira m'matumba a chimanga. Chaka china anthu a kampaniyo adabwera ndi zitini za penti n'kupaka khoma lonse buluu, kutsogolo ndi m'mbali momwe, n'kulemba dzina lawo m'zilembo zoti ngakhale wa njinga yamoto awerenge osachepetsa liwiro. Dzina la bambo adalilemba pansi pakona, pamene agalu a pamsika amakodzera. Bambo adakondwa mwezi wathunthu. Tikapita kukawaona ankatiwolotsa msewu kuti tikaione sitoloyo tili patali.

Kuyambira pamenepo mbewu ya kampani ina sidalowenso pakhomo paja. Amalonda a makampani ena ankabwera ndithu, ena ndi mitengo yabwino kwambiri, ndipo bambo ankawapatsa mpando, kuwamvetsera mpaka amalize, kenaka n'kuwaperekeza mwaulemu kugalimoto yawo. "Pepani achimwene, ine ndidakwatira kale," ankatero. Bambo ndi mkulu wa mpingo, ndipo lamulo la mkazi mmodzi adalisunga pa mbewu kuposa mmene akulu anzawo ena amalisungira pa akazi. Mlimi akafuna mbewu ya kwina, bambo ankayamba amulalikira kaye. Akakana kutembenuka ankamulozera sitolo ya mnzawo kutsidya, n'kumamuyang'ana akupita ngati munthu amene walowera kumowa Lamulungu m'mawa. Mnzawo wa kutsidyayo, amene amagulitsa mbewu ya aliyense wobwera, pano ali ndi masitolo atatu ndi lole. Bambo ali ndi zipewa.

Zipewazo n'zambiri, tisanamizane. Chaka chilichonse kampani inkawapatsa chipewa, malaya ndi kalendala, nthawi zina ambulera, ndipo chaka china chabwino idawapatsa jasi la mvula limene adalivala mpaka mu Okutobala. Chipewa ankavula polowa m'tchalitchi ndi posamba basi. Amayi nawo ankalandira chitenje cha buluu, chimene ankachipinda n'kukhala nkhata yosenzera nkhuni.

Tsono nkhani ya munda. Bambo ndi mkamwini. Kwawo ndi kufupi ndi Nkhoma, ndipo adabwera kwathu kudzakwatira atanyamula sutikesi ndi wailesi. Munda umene tidakulira ife ndi wa amayi, adausiyiridwa ndi amayi awo. Uli m'mbali mwa msewu wopita ku Dzalanyama, umene anthu a makala amadutsa ndi njinga zawo, ndipo msewuwo ndi umene udakopa kampani. Makampani a mbewu amakonda minda yotere. Amabzalamo mbewu yawo, kuthira feteleza mosaumira, n'kuzika tizikwangwani kuti odutsa azisirira. Amati munda wachionetsero. Bambo adapempha mizere khumi ya kumsewu, amayi adalola. Chaka chotsatira idakhala makumi awiri. Amayi ankabwerera m'mbuyo ndi chimanga chawo chaka ndi chaka, kulowera kumunsi kudambo, mpaka adatsala ndi mizere khumi ndi iwiri yokha. Pakati pa mizere yawo ndi ya kampani padali kanjira kopita kuchitsime.

Chimanga cha amayicho chidali cha makolo, chija timati chisowa, choyera koma cha mawangamawanga, njere zina zakuda, zina zofiirira. Chidali cholimba. Mumtondo sichinkanyenyeka, chinkatuluka mphale yokhayokha gaga pang'ono, ndipo anankafumbwe ankachilawa n'kusamukira kwa aneba. Agogo adawapatsa amayi zimanga zisanu zomangidwa pamodzi tsiku limene ankalowa m'banja, monga nawonso adapatsidwira. Chaka chilichonse pokolola amayi ankasankha zikuluzikulu zodzadza mpaka kunsonga, kuzimanga ziwiriziwiri ndi makoko ake, n'kuzikoleka kudenga la khitchini kuti utsi uzizisunga mpaka mvula. Sankachitamanda kapena kutiphunzitsa nacho mwambo. Ankangobzala, kukolola, kusankha ndi kukoleka, zaka zoposa makumi atatu osadumpha.

Pasitolo bambo ankanyoza chimanga cha lokolo kuyambira m'mawa mpaka kutseka, kuti ndi cha anthu odana ndi chitukuko. Kunyumba mukawaphikira ufa wa haibulidi ankaudziwa pa mbamu yoyamba, n'kufunsa ngati chisowa chatha.

Chaka chimene ndikunenachi mvula yobzalira idagwa nthawi yake, amayi n'kubzala mawa lake. Bambo sadabzale. Mbewu ya chionetsero idali m'sitolo, mizere ili yokonzakonza, anthu onse ali kumunda, koma bambo adati munda wa kampani sabzala popanda bwana wa kampani. Bwanayo ndi wamng'ono kwa ine, amayenda pa galimoto yoyera, ndipo ankabwera ndi chingwe chake cha mfundo choyezera mapando. Mapando amenewo bambo akadatha kuyeza atatsinzina. Koma adadikira masabata awiri, akusuzumira kumsewu, mpaka bwana adapeza mpata.

Zaka zonse chimanga cha kampani chinkamasula msanga, cha amayi n'kumasula pambuyo chinzake chitamaliza zake. Masabata awiri aja adazifananitsa. Zidatulutsa ngayaye sabata imodzi, ichi kuno kwa kanjira icho uko, ndipo mphepo ya kudambo idagwira ntchito yake. Palibe adaziganizira, poti kunja kwa makoko sikunkaoneka kanthu.

Ine nthawi imeneyo n'kuti nditakwatiwa kale pa Nathenje, pamene ndimasoka zovala pakhonde la sitolo ina m'mbali mwa msewu waukulu. Ndivomereze pano kuti ndili ndi pakamwa. Ndidabadwa napo. Kusukulu padandikwapulitsa, kutchalitchi padandichotsetsa m'kwaya, ndipo apongozi anga amandipatsa moni ali chapatali. Chinthu chikandiseketsa sindiyamba ndaona kaye kuti pafupi pali ndani.

Mu Epulo bambo adatiimbira foni ana tonse kuti tibwere ku tsiku la chionetsero, titavala zabuluu. Adati kubwera mkulu wochokera ku likulu la kampani, ndipo iwo alandira satifiketi ya kukhulupirika. Adanditumiziranso chitenje chatsopano cha kampani kuti ndiwasokere amayi diresi. Ndidasoka, amayi adavala, nkhope ili ngati akupita kukazulitsa dzino.

Kumunda adakhoma tenti, kundandalika mipando ya pulasitiki ndi kuika chimkuzamawu. Padali mabanzi ndi zakumwa za m'mabotolo, zimene zidakoka anthu ambiri kuposa mbewu. Azimayi a m'mudzi adavina chimtali atasintha mawu kuti atamande kampani, ambiri mwa iwo ndikuwadziwa kuti sadagulepo ngakhale paketi imodzi. Pemphero adatsegula ndi bambo. Adapempherera kampani, antchito ake, mabanja awo ndi magalimoto awo, ndipo mvula adaitchula kumapeto atatsala pang'ono kunena ameni.

Atatha malankhulidwe, bwana wa galimoto yoyera uja adatembenukira kwa bambo.

"Achikulire, ulemu uwu ndi wanu. Tathyolani chimanga chimodzi muwaonetse anthuwa."

Bambo adadutsa mizere yonse ya kumsewu osaiyang'ana. Ankadziwa kuti zikuluzikulu zili kumunsi, m'mbali mwa kanjira kaja, kumene nthaka ndi yachinyontho ndipo manyowa a mbuzi amene amayi ankathira sankadziwa malire. Adabwerako atanyamula chimanga chotalika ngati mkono, adachikweza m'mwamba, anthu n'kuwomba m'manja. Kenaka adayamba kusenda pang'onopang'ono, khoko limodzilimodzi, kuti wojambula wa kampani ajambule bwino.

M'katimo mudali njere zakuda. Osati imodzi kapena ziwiri ayi, chimanga chonse chidali mawanga okhaokha ngati nkhanga. Bambo adachiyang'ana, adachibisa kumbuyo, n'kubwerera kukathyola china. Chimodzimodzi. Chachitatu chidaposa zinzake. Wojambula adatsitsa kamera. Bwana uja adatenga maikolofoni n'kuyamba kufotokoza za mungu, kuti mphepo imanyamula fumbi la ngayaye kuchoka m'munda wina kupita m'munda wina. Anthu akadamva, chifukwa alimi amazidziwa zimenezi kuposa iye. Nkhani ikadathera pomwepo, tikadadya mabanzi athu n'kumapita.

Koma ine ndidali pampando wakutsogolo, ndipo ndidangomva mawu anga akutuluka.

"Ababa, mwanayu si wa kampani ayi. Taonani nkhope. Ndi wa kutsidya kwa kanjira."

Anthu adaphulika. Mayi wina wachikulire adakuwa kumbuyo kuti aitane ankhoswe, mlandu uwu ndi wa chigololo. Bambo wina adafunsa kuti akulu a mpingo ankayang'ana kuti pamene zinkachitika m'munda mwawo momwe. Azimayi a chimtali adapeza nyimbo pomwepo. Mkulu wa kulikulu uja adaseka mpaka kuvula magalasi, ndipo amayi adaphimba pakamwa ndi chitenje mapewa akugwedezeka. Ine ndidamva kukoma, sindinama. Kuseketsa tenti yathunthu ndi mawu ochepa chotero sikuchitika tsiku lililonse. Bambo adangoima, zimanga zitatu zili m'manja, akumwetulira kumwetulira kwina kumene ndinali ndisadakuonepo pankhope pawo. Munthu amene amakhala pa milandu ya chigololo kutchalitchi, amene akulu ndi ana amaweramitsa mutu akamalankhula, adaima pamenepo mpaka phokoso lidatha lokha.

Satifiketi adawapatsabe, ndipo adailandira ndi manja awiri atawerama. Pambuyo pake, ndikusanja mipando, ndidamva bwana uja akuwauza, maso ali pafoni.

"Musadandaule achikulire, zimachitika izi. Kungoti chaka chamawa chalokolocho chitalikire. Apo ayi tidzaona munda wina."

Adatero n'kukwera galimoto. Ndikukhulupirira kuti pofika m'tauni n'kuti ataiwala. Bambo sadaiwale, ndipo Mitundu sidawalole kuiwala. Anthu ankalowa m'sitolo nkhope ili bwinobwino n'kufunsa ngati mbewu ya chimanga chapathengo yafika. Akabaza ankawafunsa ngati mlandu uja udakambidwa. Chimanga chonse cha m'munda wa kampani bambo adachigulitsa kwa venda woyamba amene adafika, sabata yomwe adakolola, osanenerera n'komwe. Ine adasiya kundilankhula. Ndikaimba foni ankangoipereka kwa amayi. Ndinkati ziwathera, ndipo pa Nathenje ndinkaikamba nkhaniyo kwa aliyense wodzasoketsa, mpaka kuyerekeza mmene bambo ankayendera pobwerera kukathyola chachitatu.

Amayi adakolola mizere yawo khumi ndi iwiri, adasankha, adamanga, adakoleka monga mwa masiku onse.

Mu Okutobala amalume, mlongo wawo wa amayi, adagonekedwa kuchipatala ku Nkhoma, ndipo amayi adapita kukawadikirira. Patatha masiku atatu mnzanga wa pa Mitundu adandiimbira foni masana.

"Iwe, bambo ako ali kuchigayo."

Ndidaseka. Bambo m'chigayo anali asadalowemo chibadwire.

"Usaseke. Ali pamzere ndi azimayi. Akugayitsa chimanga chakuda ndi utsi."

Ndidasiya makina osavundikira n'kukwera kabaza wa njinga yamoto, kudzera msewu wafumbi. Pofika kunyumba ndidathamangira kukhitchini. Kudenga kudatsala timakoko tokhatokha tikulendewera. Bambo adatsitsa mbewu yonse, adaitonola okha, adaphatikiza ndi ndowa ya chisowa chodya imene idatsala, n'kukweza panjinga. Sadasiye ngakhale njere yoti nkhuku itole. Ndidawapeza atakhala pakhonde, thumba la ufa wotuwa lili pambali pawo, nsidze zili mbuu.

"Ababa, mwachita chiyani?"

"Ndagayitsa chimanga."

"Ndi mbewu ya amayi imeneyo. Bwana wanu uja anangoti chitalikire. Sananene kuti muchiphe."

"Chitalikire chipite kuti? Kumunsi kuli dambo. Ndipo amako umawadziwa, chikakhalapo abzala basi."

Ndidalalata. Ndidawauza zinthu zimene mwana sauza bambo ake. Ndidati kampani yawoyo siwadziwa, kuti atafa mawa singatumize ngakhale paketi ya shuga kumaliro, ingangopita kukapenta khoma la wina. Ndidati asinthanitsa chimanga cha agogo ndi chipewa. Adandisiya ndilankhule mpaka mpweya udandithera.

"Wamaliza?" adafunsa. "Ine pano ndidabwera iwe usadabadwe. Munda ndi wa amako. Nyumba iyi ndidamanga ndine, koma ili pa malo a amako. Ana inu mukalakwa amaitana amalume anu, ine amangondiuza mmene zathera. Ndikafa mudzandinyamula kukandisiya kwathu ngati khasu lobwereka. Malo amodzi okha pa Mitundu pano amene anthu akati tikupita kwa uje amakhala akunena ine, ndi pasitolo paja. Ndiye iwe unaimirira pamaso pa mabwana anga n'kundisandutsa choseketsa."

"Sindinaimirire, ndinali chikhalire," ndidatero, chifukwa pakamwa panga sipadziwa nthawi.

Bambo adandiyang'ana, adanyamuka, n'kukankha njinga yawo kubwerera kusitolo. Ndidatsala ndi thumba lija. Ndidali wokwiya, ndidali ndi manyazi, ndipo ndidawamvera chisoni, zonse pakamodzi. Mpaka lero sindidathe kuzilekanitsa.

Ndidaganiza zokonza zinthu amayi asadabwere. Mng'ono wawo wa amayi adatengedwa chitengwa ku mudzi wina kuseri kwa Nathenje, ndipo nawonso adapatsidwa zimanga zisanu polowa m'banja. Ndidapitako m'mamawa ndili ndi chikhulupiriro chonse. Mayi aang'onowo adandiseka.

"Chisowa? Mwana iwe, tidadya chaka cha njala chija, ndi mbewu yomwe. Ndani akulimbana nazo masiku ano?"

Ndidayenda midzi ingapo sabata imeneyo, ntchito za eni zili mulu pamakina. Kulikonse ndinkalowa m'makhitchini mwa anthu n'kumayang'ana kudenga. Ena ankati adasiya kalekale, ena ankati ndipite kuphiri mwina kumeneko. Ena ankandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi poganiza kuti ndatumidwa ndi sing'anga, ndipo mayi wina adandinong'oneza kuti ngati vuto ndi mwamuna iye akudziwa mankhwala achangu kuposa chimanga. Pomaliza, tsiku la msika pa Nathenje, mkulu wina adandigulitsa zimanga zinayi za mawanga. Ndidazikulunga m'nsalu yatsopano n'kupita nazo ku Mitundu.

Amalume adachira, amayi n'kubwera. Adalowa m'khitchini kukatula katundu wawo ndipo adakhalitsamo pang'ono. Potuluka adafunsa ngati mbuzi zamwa madzi. Palibe adafunika kuwauza kanthu, poti nkhani ya mkulu wa mpingo pamzere wa kuchigayo idali itafika kale ku Nkhoma. Ndidagwada n'kuwapatsa kaphukusi kanga. Adamasula, adatonola njere imodzi n'kuiluma ndi mano a m'mbali.

"N'chofewa ichi," adatero. "Chidasakanikirana kale ndi cha m'sitolo. Ukakazingire ana."

"Amayi, ndidayambitsa ndine."

"Unaseketsa anthu. Nanenso ndinaseka."

Ndikadakonda akadanditukwana, kapena kuitana amalume kuti akhale pansi ndi bambo, kapena kuzula tizikwangwani tonse n'kusonkhezera moto, poti munda ndi wawo ndipo palibe akadawaletsa. Sadachite chilichonse mwa zimenezi. Ufa uja sadautaye, amayi sataya chakudya. Adauphika tsiku ndi tsiku mpaka udatha, ndipo unkamveka utsi. Masiku amenewo bambo ankati m'mimba simuli bwino, n'kumakadya pachiwaya kumsika.

Nthabwala ija anthu amaikumbukirabe. Pazinkhoswe, ngakhale pamaliro kukhitchini, pamapezeka wina wondikodola kuti ndinene mmene ndidanenera tsiku lija. Ndi nthabwala yabwino kuposa zonse zimene ndidanenapo, ndipo ndimakana.

Mvula yoyamba idagwa Novembala akutha, mawa lake n'kukhala tsiku la msika. Ine ndidali pa Mitundu, nditakhala pabenchi la pakhonde la sitolo kuyambira m'mawa, poti ndidaganiza kuti ndikangokhala pamenepo nthawi yaitali bambo atopa n'kundilankhula. Mzere wa ogula mbewu udafika mpaka kumsewu. Cha m'ma teni koloko ndidaona amayi akubwera, atavala chitenje chawo chopitira kutchalitchi, mpango watsopano ndi nsapato. Adaima kumapeto kwa mzere. Anthu adawazindikira n'kuwapatsa njira kuti adutse, iwo adakana. Adayenda ndi mzerewo pang'onopang'ono, dzuwa likuwomba, mpaka adafika pakauntala.

Bambo adadzutsa mutu n'kuwaona.

"Mayi, kwagwanji kunyumba?"

"Kulibe. Ndikufuna mbewu."

"Pitani, ndibweretsa madzulo."

"Ayi, ndabwera kudzagula ngati anzangawa. Tandiuzani ubwino wake."

Bambo adayang'ana anthu, adayang'ana ine koyamba kuchokera tsiku la kuchigayo lija, koma ine ndidalibe chowathandiza nacho. Adatenga paketi ya makilogalamu awiri n'kuiika pakauntala. Ndiye poti mawu ena adalibe, adayamba ulaliki wawo uja wa tsiku ndi tsiku. Adati mbewuyi imacha msanga. Imapirira ng'amba. Imabereka ziwiriziwiri. Phando limodzi njere imodzi, feteleza kawiri, ndipo mukakolola musaiwale kuthira mankhwala chifukwa anankafumbwe amaikonda. Mawu ankachepa chiganizo chilichonse. Amayi adamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu ngati munthu amene sadaonepo chimanga.

"Chabwino. Nanga ndikakolola, ndisankhe zingati zokoleka kukhitchini?"

"Iyi sakoleka," adatero bambo. "Sibwerezedwa. Mumagula ina chaka chilichonse."

"Chaka chilichonse?"

"Eya."

"Kwa inu?"

Amayi adamasula mfundo ya chitenje, adalipira, adasenza paketi ija n'kutuluka.

Papita zaka zisanu tsopano. Bambo adayesapo kubweretsa mbewu kunyumba mvula isadagwe, amayi adaibweza kusitolo ili yosatsegula. Mvula yoyamba ikagwa amavala bwino, amapita kukaima kumapeto kwa mzere, ndipo akafika pakauntala amapempha kuti awafotokozere ubwino wa mbewuyo kuyambira poyamba. Bambo amafotokoza, osadumpha liwu, maso ali pansi.